Mahedifoni a ku Germany na Mau a Agogo a ku Chelstone

Mu laputopu yanga muli failo ya mamineti 47 imene sinikonda kutsegula. Ni mau a agogo ena a ku Chelstone amene n'najambula kumapeto kwa January 2025. Mamineti 11 oyambilila amamveka bwino, mpaka kupuma kwawo mumakumva. Kucokela pamenepo mau amang'ambika ngati a sipika yophulika ya pa shopu ku Kamwala, ndipo amapitiliza conco mpaka kumapeto. Amene anaononga failoyo ndine. Cimene cinanithandiza kuiononga ni mahedifoni abwino kuposa onse amene n'navalapo.

Mahedifoni amenewo anacokela ku Kabulonga. Amalume anga ni dalaivala pa nyumba ina kumeneko, ndipo abwana awo akale, mzungu amene anakhala kuno zaka zingapo, pobwelela kwawo anagawila anchito katundu amene sanafune kunyamula. Amalume anapata kafiliji, mipando iwili na katoni ya tinthu tosiyana-siyana. M'katonimo munali mahedifoni akulu-akulu akuda, a nsalu yofewa yotuwa pa makutu, na nthambo yopotana ngati ya foni yakale ya mu ofesi. "Awa ni ako, iwe wa pa wailesi," anatelo amalume ponipatsa pa Sondo. "Ine ningacite nawo ciani, nizimvela hutala?"

Anali Beyerdynamic DT 770 Pro, opangidwa ku Germany, mtundu umene kampaniyo yakhala ikupanga kucokela m'ma 1980 ndipo umapezeka m'masitudiyo ambili pa dziko lonse. Kuti mumvetse cimwemwe canga, muyenela kudziwa zimene timavala pa wailesi ya m'dela imene nimathandizako popanda malipilo. Tili na ma Sony MDR-7506 awili amene n'nawapeza ali okalamba kale pamene n'nabwela. Cikopa ca pa makutu cinasendeka, moti ukatsiliza pulogilamu umacoka na tizidutswa takuda m'tsitsi na pa kolala ya shati. Imodzi nthambo yake ni yomanga na selotepu. Ndiye ganizilani ine nikutulutsa cinthu ca ku Germany m'cola pamaso pa anzanga. Pambali panali polembedwa 250 ohm mu tizilembo ting'ono. N'naona ndithu, koma n'naganiza kuti ni nambala ya ku fakitale cabe.

Caka ciliconse pa 13 February pamakhala Tsiku la Wailesi pa dziko lonse, limene linakhazikitsidwa na UNESCO. Akulu a mapulogilamu ananiuza kuti nipeze munthu wokumbukila mmene wailesi inayambila mu Zambia, womvetsela wamba osati pulofesa. Amayi ena amene amatuma foni kawili-kawili pa pulogilamu yathu ya m'mawa anati atate awo ali kwawo ku Chelstone, anabwela kucokela ku Katete kudzaonana na madokotala, ndipo ali na zaka 84. "Akayamba za wailesi ya poto simudzawaletsa," anatelo.

Wailesi ya poto imeneyo azungu anali kuicha Saucepan Special. Central African Broadcasting Station inali kuulutsa mau kucokela muno mu Lusaka kupita ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia na Nyasaland m'zinenelo za anthu akuda, koma ambili a anthuwo analibe comvetsela. Harry Franklin, amene anali mkulu wa zofalitsa nkhani m'boma la atsamunda, anakambilana na kampani ya mabatile ya Ever Ready ku Britain kuti ipange wailesi yochipa. Inafika mu 1949, yozungulila ngati poto wophikila, pa mtengo wa mapaundi 5, batile lake logula padela. Mau a Alick Nkhata, amene msewu wa pa ZNBC uli na dzina lake, anafika m'midzi yambili kupyolela mu kapoto kameneko. Zonsezi n'nazidziwila m'mabuku. Munthu amene anazimva na makutu ake n'nali nikalibe kukumana naye.

Tsikulo n'nanyamuka ku Kabwata na kalekoda kakang'ono ka mabatile ka pa siteshoni, na mahedifoni anga atsopano. Ma Sony n'nawasiya dala. Basi inayenda pang'ono-pang'ono mu Great East Road, ndipo pofika pa Munali mitambo inali itada. Inali nthawi ija ya mdima, pamene cilala ca 2024 cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo malaiti anali kubwela maola ocepa cabe pa tsiku, nthawi zambili usiku anthu ali gone. Pa nyumba yoyandikana panali wowochelela zitsulo, jeneleta yake ikulila osapuma. Titangokhala pansi pa khonde, mvula inayamba kumenya malata.

Agogo anali atavala jekete na tayi cifukwa ca ine. Anali kukamba Cicewa ceni-ceni ca kum'mawa, cosasakaniza ngati cathu ca mu tauni, ndipo mau awo anali apansi. "Mdzukulu wanga, kodi kabokosi kameneka katha kusunga zonse zimene ndinene?" ananifunsa. N'nati katha, Agogo, musade nkhawa.

Poyamba n'naika levulo ya maiki pamene tinaphunzitsidwa ku koleji, kuti mita izifika ca pa -12 munthu akakweza mau. Koma m'makutu mwanga agogo anali kumvekela kutali, ngati ali m'cipinda cina. N'nakweza voliyumu ya mahedifoni mpaka pothela, koma sizinasinthe kweni-kweni. Mvula inakula. Mtima unayamba kuniuza kuti ngati ine siniwamva bwino, ndiye kuti lekoda nayonso siikuwamva. Conco cala canga cinapita pa kabatani kena, ka levulo ya maiki, n'kukweza, n'kukwezanso, mpaka mau anafika m'makutu mmene n'nafunila. Kukwalakwata kwina n'nakumva, koma n'nati ni malata amenewo. Lekoda inali pa kampando pakati pathu, kagalasi kake kayang'ana kumbali, ine maso ali pa nkhope ya agogo. Mita sin'naiyang'anenso. Limita, imene ikanaletsa mau kupyola malile, inali yozima.

Ndipo zimene anakamba pambuyo pake! Anasimba za aphunzitsi a m'mudzi mwawo amene anagula wailesi ya poto, mmene anthu anali kusonkhana pa bwalo dzuwa likamalowa, azimayi n'kusiya nsima pa moto. Iwo ali kamnyamata anazembela kumbuyo kwa wailesiyo kuti aone tianthu timene tinali kuimba mkati. Batile likafooka, aphunzitsi anali kuliyanika pa dzuwa kuti libwelele mphamvu. Anasimbanso za mantha a nthawi ya Federation, pamene kunafala mphekesela yakuti ena ogwila nchito pa wailesi ku Lusaka ni anthu opopa magazi, amayi awo n'kuwaletsa kupita kukamvetsela kwa miyezi. Pofika pamenepo anaseka mpaka kutsokomola. Ine n'nali kungogwedeza mutu, nikudziona katswili.

Usiku umenewo malaiti atabwela ca m'ma 23 hours, n'naika failo mu Audacity. Cithunzi ca mau, cimene ciyenela kuoneka ngati mapili na zigwa, cinali ngati khoma la njelwa, cophwatalala pamwamba na pansi. Mau akapyola malile a lekoda ya dijito, nsonga zake zimadulidwa ndipo sizisungidwa kulikonse. Mu Audacity muli cida cochedwa Clip Fix cimene cimayesa kubwezeletsa nsonga zodukazo mongoganizila. Cimathandiza ngati zaduka apa na apo. Zanga zinaduka kwa mamineti 36 osalekeza.

Pa 13 February tinaulutsa mamineti 11 aja, zotsalazo n'nazisimba ine na pakamwa panga, ndipo omvetsela ena anatuma foni kuyamikila. N'nalonjeza amayi aja kuti nidzabwelanso kudzajambula bwino. Koma mudziwa umoyo wa volontiya: ndalama ya basi, maganyu amene amakudyetsa, mawa, wiki yamawa. Pasaka itapita agogo anabwelela ku Katete. Mu July anamwalila.

Kwa miyezi n'nali kuimba mlandu mahedifoni. N'nawaponya pamwamba pa wadilopu n'kumauza anthu kuti zinthu za azungu ni dzina cabe. Amene ananicotsa maganizo amenewo ni mnzanga wa ku Woodlands, amene ali na kasitudiyo kuseli kwa nyumba ya makolo ake kumene amajambula makwaya na anyamata ofuna kuchuka. Atamva nkhani yanga anayamba kuseka, n'tafika pa za malilo analeka. "Mudala, ma headphone alibe mulandu," anatelo. "Ubwele nayo pa Ciwelu, na Sony ya ku station, na tuma earphone twako twa mu basi."

Anayamba na nkhani ya madzi, podziwa kuti nikhala m'mafulati a ku Kabwata. Pulesha ikacepa, a pansi amatunga ndithu, koma kwa a pamwamba mpopi umangotulutsa mphepo. Mphamvu imene foni kapena lekoda imakankhila mau ku mahedifoni, imene amaipima m'ma volt, ili ngati pulesha. Ma ohm ali ngati kutalika kwa fulati: nambala ikakula, pafunika pulesha yambili kuti madzi afike. DT 770 imapangidwa m'mitundu ya 32, 80 na 250 ohm, ndipo ine n'napatsidwa ya pamwamba peni-peni. Sony ili na 63 ohm. Palinso nambala yaciwili imene anthu saiwelenga, yoonetsa mmene mahedifoni amafuulila akapatsidwa mphamvu yofanana. Sony imatulutsa 106 dB pa milliwatt imodzi, DT 770 imatulutsa 96.

Ndiyeno anatenga pepala na bolopeni. Tiyelekeze kuti kalekoda kako katulutsa hafu ya volt, anatelo. Mu 250 ohm, imeneyo ni milliwatt imodzi cabe, ndiye 96 dB pamene mau afika pa malile eni-eni. Koma mau a munthu ojambulidwa bwino amakhala pansi kwambili pa malilewo, mwina na 20 dB, ndipo a nkhalamba yokamba motsitsa amatsikanso kuposa apo. Mu Sony, hafu ya volt imodzimodziyo ni ma milliwatt pafupi-fupi 4, amene apeleka 112 dB. Kusiyana kwake ni 16 dB, pamene khutu la munthu limamva 10 dB iliyonse ngati phokoso lawilikiza kawili. N'nayang'ana manambalawo kwa nthawi. N'kanatenga Sony yosendeka ija, n'kanawamva agogo pamwamba pa mvula na jeneleta, ndipo cala canga sicikanapita pa kabatani kolakwika.

N'nafunsa cifukwa cake munthu angapange dala cinthu covuta kukankha. Yankho lili m'masitudiyo akale, mmene oimba ambili anali kulumikiza mahedifoni awo ku ampulifaya imodzi yamphamvu. Mahedifoni a ma ohm ambili amakoka magetsi ocepa, conco ungalumikize angapo popanda kuilemetsa. Anapangidwila cipinda cokhala na mikisa na soketi ya pa khoma. Za khonde la ku Chelstone m'nyengo ya mvula, a ku Germany sanaganizileko.

Tinayamba kuyesa. Tinasankha nyimbo imodzi ya kalindula na mau anga owelenga nkhani. Pa foni yanga ya Tecno, DT 770 inamveka yofooka, besi ngati ili na njala. Ataiika pa ampulifaya yake ya mahedifoni, m'pamene n'namva cimene amalume ananipatsa. Gitala ya besi inakhala pamalo pake, ng'oma padela, ndipo pansi pa mau anga n'namva kulila kwa fani ya mu situdiyo yathu, kumene sin'nadziwe kuti kumalowa mu maiki. Apa panalibe cokangana. Mahedifoni amenewo afuna ampulifaya, kapena mikisa, kapena saundi khadi yabwino, zimene zili kale na ampulifaya yamphamvu mkati.

Pa Sony m'pamene n'nacita manyazi. N'nalumbila kuti pa ampulifaya imveka bwino kuposa pa foni. Mnzanga ananiuza kuti nitembenuke niyang'ane ku khoma, analinganiza voliyumu kuti ifanane mbali zonse, n'kuyamba kusintha nthambo ine osaona. Pa maulendo khumi n'nalasa asanu, monga munthu woponya ndalama m'mwamba. Zimene n'nali kucha kukoma kunali kukwela kwa voliyumu cabe. Khutu limanamizika msanga, cokwela pang'ono limaciyesa cokoma. Ogulitsa zoimbila mu tauni amacidziwa ici, n'cifukwa cake pokuyesetsa cinthu amayamba akweza.

Pa tuma earphone twanga twa Oraimo, ampulifaya siinasinthe ciliconse, kupatula kamphepo kamene kanayamba kumveka pansi-pansi. Besi yake ni yonenepa mopitilila ndipo imabisa zolakwa, conco sungakonzele pulogilamu. Koma sinitunyoza. Omvetsela athu ambili amatimvela pa foni za mabatani na pa tumawailesi twa pa msika, ndiye pulogilamu ikatha kukonzedwa nimaimvetselanso pa tumeneto kuti nidziwe cimene cidzawafika. A Bluetooth ali na ampulifaya yawo-yawo mkati, funso silibuka n'komwe, koma mau amafika mocedwa pang'ono, ndipo kumva mau ako akukutsatila pambuyo pamene ukuulutsa kumamanga lilime.

Pali malo amodzi pamene n'nalimbikila kuti siteshoni igule ampulifaya, ndipo cifukwa cake sicinali kukoma kwa mau. Mikisa yathu ili na bowo limodzi la mahedifoni. Alendo akabwela awili kapena atatu tinali kusewenzetsa kanthambo ka mphanda, onse n'kudalila voliyumu imodzi. Ukaika mahedifoni osiyana ma ohm pa mphanda imodzi, wina amamva kwambili, wina pang'ono. Tsiku lina tinali na anesi opuma pa nchito pa pulogilamu ya matenda a shuga. Womvetsela anafunsa funso pa foni, iwo osamva, ine n'kukweza, mnyamata wa pa mikisa n'kuvula mahedifoni cifukwa ca kuwawa kwa makutu, womvetsela uja n'kudula foni thokitaimu itamuthela. Pa miting'i ena anafuna kuti ndalama zocepa zimene tinali nazo zigule mahedifoni atsopano ooneka bwino pa zithunzi za pa Facebook. Tinakangana ndithu. Pothela pake tinagula kabokosi ka Behringer HA400, kocepa ngati sopo wocapila, kamene kamalandila mau kucokela ku mikisa n'kuwagawa ku mabowo anayi, lililonse na kabatani kake ka voliyumu. Kamadya magetsi ocepa a 12 volt kupyolela mu adaputa, moti inivetala siidandaula malaiti akapita. Ma Sony tinangowagulila makushoni atsopano.

Koma kabatani ka munthu aliyense kabweletsa vuto lina. Anyamata amakonda kukapotoza mpaka kumapeto. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu angamvetsele phokoso la 80 dB kwa maola 40 pa wiki popanda ngozi, ndipo nthawiyo imaduka pakati pa 3 dB iliyonse yoonjezela. Mukawelengela, pa 95 dB mwatsala na ola limodzi na mamineti 15 pa wiki yonse. Sony ikakhala pa ampulifaya imapitilila pamenepo mosavuta. Amdala amene amatikonzela makina, amene agwila nchito ya zokuzila mau kwa zaka zambili, amapendeketsa mutu kuti akumve na khutu la kumanzele. Inenso masiku ena nikacoka pa pulogilamu ya maola atatu, m'makutu mumalila nyenje mpaka nikafike pa siteshoni ya basi. N'napempha penti ya zala kwa mlongo wanga n'kuika kadontho kofiila pa kabatani kalikonse, pamene voliyumu iyenela kuthela. Nikatuluka amapitilila ndithu.

Lomba wina akanifunsa pa WhatsApp ngati agule ampulifaya, nimamufunsa nambala ya ohm yolembedwa pa bokosi na cinthu cimene adzalumikizako. Ngati nambalayo ni yocepa ndipo akumva mokwanila voliyumu ikalibe kufika kumapeto, nimamuuza kuti ndalamayo agulile mabatile na memole khadi. Ngati ni 250, kapena 300 monga Sennheiser HD 600, ndipo afuna kusewenzetsa foni kapena kalekoda, awelengele na mtengo wa ampulifaya, akumbukilenso kuti ya pa khoma siigwila nchito pa khonde la munthu malaiti kulibe. DT 770 yanga ikhala mu situdiyo, pa bowo loyamba la kabokosi kaja, ndipo pokonza mapulogilamu palibe yoiposa. Popita kukajambula kunja nimanyamula Sony, limita yoyatsa, kagalasi ka lekoda kayang'ana kwa ine.

Mu September amayi aja a ku Chelstone anatuma foni pa nambala yanga. Anati abale akonza zomanga ciliza pa manda ku Katete ndipo afuna mau a atate awo. N'nawauza zoona zonse, za kabatani na za mita imene sin'nayang'ane. Anakhala cete pang'ono. "Tumizani yonse, na yoonongeka yomwe," anatelo. "Ife tidzawamva. Tinazolowela mau awo."

N'naitumiza m'zidutswa zitatu cifukwa bandulo inali yotsala pang'ono. Madzulo ake ananitumila uthenga wa mau. Anati pa mineti ya 31, pamene ine nimamva phokoso cabe, atate awo akuchula dzina la aphunzitsi aja a wailesi ya poto na mudzi umene anacokela. Ananiuza maina onse awili pang'ono-pang'ono, ine n'kuwalemba kuseli kwa pepala lija la manambala a ku Woodlands.